Kuika Sabufa ndi Ampu M'buti mwa Galimoto Popanda Kuotcha Kanthu

Ntchito imeneyi anthu ambiri amaiyambira kumapeto. Munthu amatsikira m'tauni, nkugula sabufa (sipika ya besi) yaikulu yolembedwa mawati 3000 pa katoni, ndalama zotsala nkugulira waya wowonda, kenaka Loweruka masana nkulumikiza zonse m'buti mwa Honda Fit yake. Pakangopita sabata ziwiri madandaulo ayamba: ampu (chipangizo chokweza mphamvu ya nyimbo) ikuzima yokha, nyali zikuphethira besi ikagunda, masipika akuimba mluzu ukaponda mafuta, mwinanso m'galimoto mwayamba kumveka fungo la waya wopsa. Mavuto amenewa kawirikawiri sachokera ku sabufa. Amachokera ku waya wa magetsi, fyuzi, earth (waya wobwezera magetsi ku bodi ya galimoto) ndi kabatani ka pa ampu kolembedwa gain. Pa zinthu zinayi zimenezi ndi pomwe tikhalitsepo.

Malangizowa ndi a sabufa imodzi ya mainchesi 12 ndi ampu imodzi ya mawati 300 mpaka 600 RMS (muyeso wa mphamvu yeniyeni yomwe imatulutsa mosalekeza), m'magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan omwe adzadza m'misewu ya Harare: Fit, Vitz, Wish, Probox, AD Van ndi ena otere.

## Zofunika kukhala nazo

Zolowa m'galimoto:

- Sabufa ndi ampu ya mono (ya chanelo imodzi), makamaka ya Class D chifukwa sidya magetsi ambiri ndipo sitentha msanga
- Waya wonenepa wa magetsi, mamita 5, ndi chidutswa china chofanana nacho kunenepa cha earth
- Fyuzi ya ANL kapena mini ANL pamodzi ndi choikamo chake
- Waya wa RCA (wonyamula nyimbo kuchoka ku wailesi) wa mamita 5, waya wowonda wa remote (wouza ampu kuti iyake), ndi waya wa sipika wa 2.5 mm²
- Malagi a kopa a kumapeto kwa waya, tepi, kapaipi kapulasitiki kovekera waya, ndi tizingwe tapulasitiki tomangira mawaya
- Thabwa la supawood (MDF) la mamilimita 18, guluu wa matabwa, masikuluwu a mamilimita 40 kapena 50, silikoni, kapeti ndi guluu wake
- Tizitsulo topindika ndi mabawuti, kapena lamba wolimba, zomangira bokosi

Zida: multimeter, sipanala ya 10, masikuludiraiva, pulayala, mpeni wakuthwa, makina oboolera, jigsaw, sandipepa, tepi yoyezera ndi tochi.

Malagi, mafyuzi ndi zina za magetsi a galimoto mukazipeza m'mashopu a ku Kaguvi Street. Mabawuti ndi tizitsulo, ku Siyaso ku Mbare. Ngati mulibe macheka odula mowongoka, lembani miyeso papepala mupite nayo kwa akalipentala a ku Glen View Area 8, akakudulireni pa makina. Multimeter musaisiye pamndandanda. Ngati simungagule, bwerekani. Popanda iyo mudzakhala mukungoganizira.

## Zinthu zinayi zoti mudziwe musanatulutse ndalama

Mawati. Nambala yaikulu yolembedwa MAX kapena PMPO ndi ya otsatsa malonda. Yofunika ndi RMS, ndipo RMS ya ampu ikhale yofanana kapena yoyandikana ndi ya sabufa. Ngati mukukayika zomwe ampu ikudzinenera, onani mafyuzi ake. Ampu ya mafyuzi awiri a 25A imakoka 50A basi. Chulukitsani ndi 13.8V, mupeza mawati 690 olowa, ndipo Class D imatulutsa pafupifupi 80 pa 100 alionse, kutanthauza mawati ngati 550. Kaya pamwamba pake alemba 3000 ndi zilembo zagolide, mphamvu yake ndi imeneyo.

Ma ohm. Ohm ndi muyeso wa momwe koyilo ya waya ya mkati mwa sabufa imakanira magetsi. Sabufa zina zili ndi koyilo imodzi, zina ziwiri. Ya makoyilo awiri a 4 ohm mukalumikiza pozitivu ndi pozitivu, negetivu ndi negetivu, imakhala 2 ohm. Mukalumikiza mondondozana, negetivu ya koyilo yoyamba kupita ku pozitivu ya yachiwiri, imakhala 8 ohm. Ya makoyilo awiri a 2 ohm imapereka 1 ohm kapena 4 ohm. Buku la ampu limanena ma ohm otsikitsitsa omwe ingapirire, ndipo pamenepo musatsike. Ampu zambiri za machanelo awiri zikaphatikizidwa kukhala chanelo imodzi zimafuna 4 ohm, osati 2.

Waya. Apa ndi pomwe ndalama zanu ziyenera kuyambira. Pali waya wa kopa weniweni, wolembedwa OFC, ndi wa aluminiyamu wongopakidwa kopa kunja, wolembedwa CCA. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 60 pa 100 poyerekeza ndi kopa, choncho waya wa CCA amatentha msanga ndipo amadyeka polumikizira pakalowa chinyezi. Pomuyesa, palani kansonga kamodzi ndi mpeni: mkati mukaoneka moyera ngati siliva, ameneyo ndi CCA. Amakhalanso wopepuka m'manja. Onaninso pomwe wadulidwa, poti mawaya ena ndi chikopa chokhachokha, chitsulo chake kang'onong'ono pakati. Ampu yosapitirira mawati 300 RMS imakwanira ndi kopa wa 8 gauge, pafupifupi 8 mm², ndi fyuzi ya 50A. Kuposa apo tengani 4 gauge, pafupifupi 21 mm², ndi fyuzi ya 80A kapena 100A. Mukasowa OFC wodalirika, waya wa makina owotcherera zitsulo wa 25 mm² ndi kopa weniweni, ndi wofewa, ndipo ineyo ndimamukhulupirira kuposa mawaya ambiri a m'mapaketi owala.

Galimoto yanu. Yezani batire injini itazima kwa maola angapo: labwino limaonetsa pafupifupi 12.6V. Injini ikulira lizionetsa pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Zikakhala zotsika, konzani kaye batire kapena alitaneta. Ampu ya mawati 500 imatha kukoka 45A besi ikafika pachimake, ndipo timabatire ta Fit ndi Vitz ndi tating'ono kale.

Chenjezo lapadera kwa eni ma hybrid monga Aqua, Prius ndi Fit Hybrid: waya aliyense wovala chikopa cha olenji amanyamula mavoliti oposa 100 ndipo akhoza kupha. Musamukhudze, musamangirire kanthu pa iye, musaboole pafupi naye. Mu Aqua batire la 12V lili pansi pa mpando wakumbuyo. Mu Fit Hybrid batire lalikulu lili pansi pa buti penipeni, choncho pansi pamenepo sipoboola, ndipo mabowo olowera mpweya wozizitsa batirelo asatsekedwe ndi bokosi.

## Bokosi

1. Yezani buti, ndipo siyani njira ya tayala la sipeya. Yezani mpata wa pakati pa zotupa za matayala akumbuyo, kutalika kwa pakhomo pa buti, ndi kupendekeka kwa msana wa mpando. Bokosi likhoza kukwana mkati koma nkukanika kulowa pakhomo, ndiye pangani kaye la makatoni muyese. Malamulo a pamsewu a ku Zimbabwe a Statutory Instrument 129 ya 2015 amafuna kuti galimoto ikhale ndi sipeya, jeke, sipanala ya matayala, matirayango ndi chozimitsira moto. Apolisi akakuimitsani pa rodibuloko, kapena tayala likaphulika usiku pa Seke Road, muyenera kutha kuzifikira osayamba mwamasula masikuluwu khumi.

2. Sankhani mtundu wa bokosi ndi kuwerengera malita. Bokosi lotsekeka ponseponse ndi laling'ono, losavuta kupanga, ndipo limakhululuka mukaphonya pang'ono miyeso. Besi yake ndi yothina, imayamba ndi kuleka msanga. Kwa okonda sungura, momwe gitala la besi limathamanga manotsi ambiri motsatizana, bokosi ili ndi lomwe limamveketsa notsi iliyonse payokha. Bokosi la bowo lotulutsira mpweya limalira mokweza ndipo limagwirizana ndi Zimdancehall ndi amapiano, koma limadya malo, ndipo utali ndi kukula kwa bowolo ziyenera kutsata ndendende zomwe opanga sabufa alemba. Mukaphonya, besi imangokhala phokoso la notsi imodzi. Ngati ndi koyamba, pangani lotsekeka.

Sabufa zambiri za mainchesi 12 zimafuna malita 28 mpaka 42 m'bokosi lotsekeka. Nambala yeniyeni ili pa pepala la malangizo la sabufa yanu. Pepala likalemba mu cubic feet, imodzi ndi malita 28.3. Kuwerengera kwake: utali, msinkhu ndi kuya kwa MKATI m'masentimita, muchulukitse, mugawe ndi 1000. Bokosi la kunja 45 x 38 x 30 ndi thabwa la mamilimita 18 mkati mwake ndi 41.4 x 34.4 x 26.4, omwe ndi malita 37.6. Chotsanipo malita awiri kapena atatu omwe sabufa yeniyeniyo imadya, mutsala ndi pafupifupi 35. Zidutswa zake ndi izi: ziwiri za 45 x 38 kutsogolo ndi kumbuyo, ziwiri za 45 x 26.4 pamwamba ndi pansi, ziwiri za 34.4 x 26.4 m'mbali.

*Samalani:* ambiri amawerengera ndi miyeso yakunja, bokosi nkutuluka lochepa ndi malita oposa khumi.

3. Dulani bowo ndi kulumikiza. Bowo la sabufa ya 12 limakhala pafupifupi masentimita 28, koma yezani yanu musanajambule. Pakani guluu wokwanira pa mphepete iliyonse. Chogwira bokosi ndi guluu, masikuluwu amangolipana kuti liume bwino. Boolani kaye kabowo kakang'ono sikuluwu isanalowe, apo ayi supawood imang'ambika m'mphepete. Ikani sikuluwu pa masentimita 10 alionse. Thabwa la chipboard musaligwiritse ntchito, limanyenyeka ndi kugwedezeka.

4. Tsekani mipata, vekani kapeti, ikani sabufa. Pitani ndi silikoni m'makona onse a mkati ndi pomwe waya wa sipika watulukira. Lisiyeni bokosilo tsiku lathunthu lili lotsegula, chifukwa mpweya wa silikoni wosauma ukhoza kuwononga guluu ndi mphira wa sabufa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Supawood imatupa ikanyowa, ndipo mabuti ambiri amadontha mvula ikayamba mu November, choncho pakani penti kapena vanishi pansi pa bokosi musanaveke kapeti. Pomanga sabufa gwiritsani ntchito sikuludiraiva ya pamanja, dzanja lina litatchinga pepala lonjenjemera la kumaso kwa sabufa. Makina akaterereka kamodzi kokha amaboola. Mukamaliza kankhani pakati pa sabufa pang'onopang'ono ndi zala zotambasula. Izilimba ndi kubwerera mwapang'onopang'ono. Mukamva mpweya ukutuluka penapake, patsekeni.

## Magetsi

5. Chotsani negetivu ya batire. Zimitsani galimoto, tulutsani kiyi, masulani mutu wa negetivu ndi sipanala ya 10 ndipo muukankhire kutali kuti usabwerere wokha. Dikirani mphindi zingapo musanayambe kugwira mawaya a mkati. Mapulagi achikasu omwe mungakumane nawo pansi pa mipando ndi m'mbali ndi a ma airbag, asiyeni momwe alili. Mawailesi ena amafuna nambala yachinsinsi magetsi akabwerera, ndiye fufuzani zimenezo musanamasule.

6. Dutsitsani waya kuchoka ku injini kulowa mkati. Pakhoma lachitsulo lomwe lili pakati pa injini ndi mapazi anu pali timphira tomwe mawaya a galimoto amadutsamo. Pezani kamodzi kokhala ndi mpata, boolani kabowo m'mbali mwake kutali ndi mawaya enawo, mangirirani waya wanu ku waya wolimba wa hang'ala ndi tepi, pakani sopo pang'ono, nkukoka. Ngati palibe njira ina koma kuboola chitsulo, yang'anani mbali zonse ziwiri ndi tochi, ndipo pabowopo muike kamphira katsopano.

*Samalani:* waya wodutsa pa chitsulo chopanda mphira amadyeka pang'onopang'ono ndi kugwedezeka kwa maenje a m'misewu yathu, mpaka tsiku lina kopa akhudza bodi. Kudutsitsa waya pa mpata wa chitseko, kuti azipanidwa potseka, ndi njira yachidule yomwe yaotcha magalimoto. M'chipinda cha injini muvekeni kapaipi kapulasitiki ndipo atalikirane ndi ekizozi, malamba ndi fani.

7. Ikani choikamo fyuzi pafupi ndi batire. Chisapitirire masentimita 45 kuchokera pa mutu wa pozitivu, ndipo kuyandikira kuposa apo nkwabwino koposa. Anthu ambiri amaganiza kuti fyuzi imeneyi ndi yoteteza ampu, ndiye amaiika kubuti, kapena amati ampu ili nayo kale yake. Ayi. Fyuziyi imateteza waya ndi galimoto yonse. Batire la galimoto likhoza kutulutsa maampeya mazana angapo pakachitika shoti, ndipo waya wa mamita 5 wopanda fyuzi amafiira pansi pa kapeti m'masekondi ochepa, ana ali pampando wakumbuyo. Gawo lokhalo lomwe lilibe chitetezo ndi lija la pakati pa batire ndi fyuzi, nchifukwa chake liyenera kukhala lalifupi. Kukula kwa fyuzi kutsate waya, kusapitirire zomwe wayayo angapirire. Mangani choikamocho pa chinthu cholimba kuti chisamalendewere. Fyuzi yeniyeniyo ikhale kaye m'thumba mwanu, ilowa pomaliza.

Lagi ipanidwe zolimba. Ngati mulibe chopanira, ikani lagi pa chitsulo, muimenye ndi hamala ndi chitsulo chosongoka pakati, kenaka kokani ndi mphamvu zanu zonse. Ikasuntha, yambiraninso.

8. Pitani ndi waya kubuti. Chotsani mapulasitiki a pansi pa zitseko, gonekani waya m'mphepete pansi pa kapeti, mumumange ndi tizingwe pa mtunda uliwonse waufupi. Apewe njanji za mipando, mahinji a mpando wakumbuyo, ndi mapedulo a dalaivala.

9. Pangani earth. Mwa madandaulo onse a ampu, ambiri amathera pano. Waya wa earth akhale wonenepa mofanana ndi wa pozitivu, poti magetsi onse omwe alowa ayenera kutulukira momwemo, monga madzi olowa m'paipi yaikulu sangatulukire bwino m'kapaipi ka udzu. Akhale wamfupi, masentimita 45 kapena kucheperapo. Pezani chitsulo chokhuthala cha bodi yeniyeni, osati kachitsulo kongowotcherera pambali. Palani penti ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, malo okula ngati kobiri lalikulu. Mangani ndi bawuti, nati ndi washala wa mano, osati kasikuluwu kodzibooleka komwe kamamasuka pakapita mwezi. Mukamanga, pakani girisi kapena penti pamwamba kuti dzimbiri lisalowe. Bawuti ya lamba wa mpando isiyeni, ili ndi ntchito yake yopulumutsa moyo.

*Samalani:* musanaboole paliponse pansi pa galimoto, gonani pansi muone chomwe chili kuseri. Magalimoto ambiri ali ndi thanki ya mafuta pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo mapaipi a mafuta ndi a mabuleki amadutsa pansi pomwepo. Honda Fit ili ndi thanki pansi pa mipando yakutsogolo, zomwe zimadzidzimutsa omwe amafuna kumangira ampu pamenepo. Sikuluwu yaitali imafika pa thankiyo.

## Nyimbo kuchokera ku wailesi

10. Kokani RCA ndi remote. Zidutse mbali ina ya galimoto, osati momwe mwadutsa waya wa magetsi. Zikakumana penapake, zipingasane, zisagone pamodzi. Kuseri kwa wailesi RCA ilowe polembedwa SUB kapena SW. Waya wa remote, amene amauza ampu kuti iyake, alumikizidwe ku waya wa buluu wa mzere woyera. Mawailesi ena alinso ndi wa buluu yekhayekha, wa eriyo, yemwe amakhala ndi magetsi pokhapokha mukumvera FM. Mukalumikiza kumeneko sabufa izizima mukangosinthira ku Bluetooth kapena USB.

Ngati mukusunga wailesi yomwe idabwera ndi galimoto ndipo ilibe potulukira RCA, pali njira ziwiri: ampu yokhala ndi polowera high level, kapena kabokosi kotchedwa line output converter kolumikizidwa ku mawaya a masipika akumbuyo. Remote mukhoza kuitenga pa waya wa ACC, yemwe amayaka ndi kiyi. Komabe mawailesi ambiri a ku Japan FM yake imathera pa 90, kotero amagwira Star FM pa 89.7 koma ZiFM pa 106.4 safikako. Ngati munali kale ndi maganizo osintha wailesi, nthawi yake ndi ino, dashibodi ili kale yotsegula.

## Kumanga zonse m'buti

11. Sankhani malo a ampu. Ampu imafuna mpweya. Kutentha kwa mu October, galimoto itaima padzuwa tsiku lonse m'tauni, buti imakhala yotentha ampu isanayake nkomwe. Musaiike chadodolido, musaikwirire ndi kapeti, ndipo siyani masentimita 5 mbali zonse. Malo abwino ndi pa thabwa lomangidwa kumsana kwa mpando wakumbuyo. Thabwalo limathandizanso kuti thupi la ampu lisakhudze chitsulo cha galimoto, poti kukhudzanako kumabweretsa mluzu. Kumangira ampu pa bokosi la sabufa kumaoneka bwino, koma kugwedezeka kumamasula tizipangizo ta mkati mwake. Ngati palibe malo ena, ikani timphira pansi pa miyendo yake.

12. Lumikizani mawaya ku ampu. Yambani ndi earth pa GND, kenaka pozitivu pa +12V, remote pa REM, RCA, ndipo pomaliza waya wa sipika. Kansonga kamodzi kokha ka kopa kotuluka pambali nkukhudza malo oyandikana nawo kakwanira kuotcha ampu, ndiye yang'anani ndi tochi. Musanalumikize sabufa iyezeni ndi multimeter: ya 4 ohm imaonetsa pakati pa 3 ndi 4, ya 2 ohm imaonetsa kuchepera 2 pang'ono. Ngati zizindikiro za pozitivu zafufutika, gundanitsani mawaya ndi kabatire ka 1.5V. Pepala la sabufa likatulukira kunja, waya yemwe ali ku pozitivu ya kabatireko ndiye pozitivu.

13. Mangani bokosi. Bokosi ndi sabufa yake zimalemera makilogalamu 15 mpaka 25. Mu Fit, Wish kapena Probox palibe khoma pakati pa buti ndi anthu, ndipo mukaponda buleki mwadzidzidzi kombi (minibasi) itakudulirani, katundu wotere amauluka. Mangani ndi tizitsulo topindika ndi mabawuti, kapena lamba wolimba wokoledwa pa ngowe za m'buti, m'njira yoti muthe kumasula msanga pofuna sipeya. Nthawi zambiri sabufa imamveka bwino ikayang'ana kumbuyo, ku chitseko cha buti, koma yesani mbali zonse musanamange komaliza.

## Kuyatsa ndi kutchera

14. Kuyatsa koyamba. Tsitsani gain mpaka pansi, bass boost pa 0. Ikani fyuzi, bwezerani negetivu ya batire. Kuthetheka kwakung'ono kamodzi nkwachibadwa. Yatsani wailesi voliyumu ili pansi. Nyali ya POWER iyake. Ikayaka ya PROTECT, zimitsani, chotsani waya wa sipika, muyatsenso. Ya PROTECT ikasiya kuyaka, vuto lili ku sabufa kapena waya wake. Injini ikulira, yezani magetsi pa ampu penipeni. Asasiyane ndi a pa batire kuposa theka la voliti. Akasiyana kwambiri, bwererani ku earth ndi malagi.

15. Tcherani gain. Gain si voliyumu. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa mphamvu yotuluka mu wailesi ndi polowera pa ampu. Mukaikweza mopitirira, ampu imafika pomwe siingathenso kukwera, imayamba kudula nsonga za mafunde a nyimbo, ndipo mphamvu yoipayo imasanduka kutentha m'koyilo ya sabufa. Sabufa zambiri zomwe anthu amati zinali zabodza zidaphedwa ndi kabatani aka.

Njira yake ndi iyi. Chulukitsani mawati a RMS ndi ma ohm, mupeze square root pa kakyuleta ya foni. Mawati 500 pa 2 ohm ndi 1000, yankho lake 31.6V. Mawati 300 pa 4 ohm ndi 1200, yankho 34.6V. Ngati RMS ya sabufa ndi yocheperapo kuposa ya ampu, werengerani ndi ya sabufa. Chotsani waya wa sipika pa ampu. Pa wailesi zimitsani loudness, bass ikhale pa 0, voliyumu ifike magawo atatu mwa anayi a mapeto ake. Lizani injini, ikani kulira koyesera kwa 50 Hz komwe mungakupeze pa intaneti, ikani multimeter pa AC polumikizira sipika, ndipo kwezani gain pang'onopang'ono mpaka nambala yanu ioneke. Imani pamenepo. Kuyambira tsikulo voliyumu ya wailesi isapitirire pomwe mwatcherera.

Kenaka LPF, sefa yolola besi yokha kudutsa, ikhale pa 80 Hz, kuti sabufa isamaimbe mawu a woimba. Ngati wailesi ili ndi HPF, sefa yochotsa besi, ya masipika a m'zitseko, ikaninso pa 80 Hz. Adzamveka bwino ndi kukhalitsa chifukwa mwawachotsera katundu wa besi. Wa bokosi la bowo ayatse subsonic, sefa yodula besi yotsikitsitsa, pang'ono pansi pa pomwe bokosi lidatcheredwa, nthawi zambiri pakati pa 25 ndi 30 Hz. Pomaliza khalani pampando wa dalaivala, musinthe kabatani kolembedwa phase pakati pa 0 ndi 180, musiye pomwe besi ikumveka yodzadza.

16. Yendani nayo. Pakatha mphindi 20 nyimbo zikulira, gwirani choikamo fyuzi, malagi ndi earth. Palibe chiyenera kutentha. Potentha ndiye kuti sipadamangike. Nambala puleti ikamanjenjemera, matani kasiponji kumbuyo kwake. Pakatha sabata limbitsaninso mabawuti onse.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Fyuzi ikapsa, kuika yaikulu kapena kumangapo waya. Fyuzi yapsa chifukwa penapake pali vuto. Lifufuzeni, kuyambira pomwe waya wadutsa pa khoma la injini.

Mluzu wokwera ndi injini. Anthu amathamangira kugula kabokosi kochotsa phokoso. Yambani mwachotsa RCA pa ampu. Mluzu ukapitirira, vuto ndi earth ya ampu. Ukasiya, lili ku RCA kapena ku earth ya wailesi: sinthani njira ya RCA, yesani ina, ndipo mangani waya wakuda wa wailesi pa chitsulo cholimba.

Kugula capacitor nyali zikamaphethira. Capacitor sipanga magetsi, imangosunga pang'ono. Choyamba yezani batire, kenaka onjezerani waya wonenepa malo atatu: kuchoka ku alitaneta kupita ku pozitivu ya batire ndi fyuzi yake, kuchoka ku negetivu kupita ku bodi, ndi kuchoka ku injini kupita ku bodi. Zikapitirirabe, ampu yakulira galimoto yanu, ndipo mankhwala ake ndi kutsitsa gain.

Kulumikiza remote ku pozitivu ya ampu. Ampu imayaka, inde, koma siizimanso, ndipo m'mawa galimoto sidzalira. Chimodzimodzi kuliza nyimbo maola awiri pa kanyenya injini itazima; batire loyambitsira injini likaphwa kangapo silibwereranso mwakale.

Ampu kuzima besi ikagunda. Pali zifukwa zitatu: ma ohm atsika kuposa omwe imapirira, magetsi akugwa chifukwa cha waya wowonda kapena earth yofooka, kapena yatentha. Ikazima itasewera nthawi yaitali, ndi kutentha. Ikazima nthawi yomweyo mukakweza, ndi ziwiri zoyambazo.

Kuonjezera sabufa yachiwiri osawerengeranso. Sabufa ziwiri za 2 ohm zolumikizidwa pozitivu ndi pozitivu zimakhala 1 ohm, ndipo bokosi likufunanso malita owirikiza.

Kulengeza zomwe muli nazo. Masitika a Pioneer kapena Sony pa galasi lakumbuyo amauza mbava zomwe zili m'buti. Tsitsani voliyumu musanafike pomwe muimike galimoto, kaya m'tauni kaya pakhomo ku Mufakose kapena Highfield, ndipo m'galimoto yoonekera mkati phimbani bokosi.

Kuiwala makutu. Malire omwe akatswiri a zaumoyo wa pantchito amapereka ndi madesibeli 85 kwa maola 8, ndipo akakwera ndi 3 nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Sabufa imodzi m'galimoto yotseka magalasi imapitirira pamenepo mosavuta. Makutu akamalira mukatsika m'galimoto ndiye kuti mwapyola, ndipo ana okhala kumbuyo ali pafupi ndi bokosi kuposa inu. Ampu zambiri za mono zimabwera ndi kabatani ka besi ka waya wautali. Kamangeni pafupi ndi dzanja la dalaivala kuti muzitsitsa mukanyamula ana kapena mukamva sairini ya ambulasi.